ZA MAGALIMOTO: Hita Ikaleka Kufunda, Eyakoni Ikaleka Kuzizira

Mwezi wa Okutobala ukafika mu Lusaka, nthawi ya dzuwa loswa mtengo, amisiri odzaza gasi m'magalimoto amasowa ndi mpata womwe wodyera nsima. Munthu woyenda mu Lumumba Road ndi Freedom Way, kapena m'mbali mwa misika ya ku Kabwata ndi ku Chelstone, amaona zikwangwani zoitana eni magalimoto kuti adzadzazitse gasi wa eyakoni, ndiye makina oziziritsa m'kati mwa galimoto. Pansi pa mtengo pamakhala botolo la gasi, mapaipi atatu ndi mnyamata wobvala ovolosi. Ena mwa amisiri amenewa anaiphunzira bwino nchitoyi ndipo ali ndi mapepala a ku sukulu za umisiri zoyang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA. Ena anangoonerera kwa anzao masabata owerengeka. Mwini galimoto sangawasiyanitse poyang'ana ovolosi.

Wina angafunse kuti nkhani yotere ikufunanji m'nyumba za kumudzi. Kale funsolo likanamveka. M'zaka za m'ma 1970, pamene magalimoto a Fiat anali kulumikizidwa ku Livingstone ndipo anthu a kum'mawa anali kukwera mabasi a UBZ, coziziritsa ca munthu wamba cinali zenera lotsegula. Lero magalimoto ambiri oyenda m'dziko muno ndi ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan, amene amatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowera pa Nakonde, ndipo pafupi-fupi onse amabwera ndi hita ndi eyakoni. Mlimi wa ku Petauke kapena ku Katete akagulitsa soya, nshawa ndi mpendadzuwa wace, amakwera basi kudza ku Lusaka kudzagula Corolla, kapena Canter yoti izimtutira zokolola. Akayatsa eyakoni napeza kuti ikutulutsa mphepo yofunda, wogulitsa amamuyankha mau omwe aja amasiku onse: "Musadandaule bambo, ingofunika gasi basi."

Mau amenewa adyera anthu ndalama zambiri. Gasi wa eyakoni sali ngati petulo amene amapsa ndi kutha galimoto ikamayenda. Iye amangozungulira m'mapaipi otsekeka caka ndi caka, ndipo ngakhale kuti wocepa amapulumuka mphira zikakalamba, galimoto imene yaleka kuzizira m'masabata ocepa iri ndi pamene pabooka. Kudzaza gasi wina pobookapo pasanapezeke n'cimodzimodzi kutunga madzi ndi dengu. Ndiponso nthawi zambiri bvuto silikhala la gasi n'komwe. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Matenda a makina awa amapezeka ndi munthu amene ayambira pa zapafupi, zosalira ndalama, asanafike pa zobvuta.

Kodi mphepo ikutuluka?

Kuseri kwa dashibodi kuli bokosi limodzi mmene hita ndi eyakoni zimakhala pamodzi. Ziwirizi zimagwiritsa nchito fani imodzi, sefa imodzi ndi titseko timene timalozera mphepo ku nkhope, ku mapazi kapena ku galasi la kutsogolo. Cifukwa cace, munthu asanafunse ngati mphepo njotentha kapena njozizira, ayambe waona ngati ikutuluka. Fani ikakhala cete pa manambala onse, woyendetsa ayang'ane fyuzi, kanthu kochipa kamene malo ace alembedwa pa cibvundikiro ca bokosi la mafyuzi. Yopsa ilowedwe m'malo ndi ina ya nambala yomweyo. Cizolowezi comangapo kawaya catentha magalimoto. Fani ikamazungulira pa nambala yomaliza yokha, capsa ndi kacipangizo kocepetsa mphamvu ya magetsi kamene amakanika amakacha resistor, ndipo fani yeniyeniyo iri bwino.

Fani ikamalira mwamphamvu koma mphepo n'kumatuluka yocepa, sefa yatsekeka. M'magalimoto ambiri a ku Japan sefayi iri kuseri kwa kabokosi kosungiramo mapepala, kutsogolo kwa mpando wa wokwera, ndipo imacotsedwa ndi manja okha. Fumbi la m'miseu ya dothi limaitseka m'nyengo imodzi. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene magalimoto amaswera pansi pa mitengo ya jakaranda, maluwa ndi timasamba timadzaza mpata wa m'munsi mwa galasi la kutsogolo, pamene mphepo imalowera. Kumudzi mdani ndi khoswe. Galimoto imene imatuta cimanga ndi kugona pafupi ndi nkhokwe imaitana makoswe, amene amamanga cisa m'kati mwa fani ndi kudya mawaya. Fani yonjenjemera ndi fungo la cinthu cakufa ndizo mboni zace.

Hita ndi madzi a injini

Anthu ambiri amaiyesa hita cinthu ca mabwana, cosafunika m'dziko lotentha, ndipo ikafa saiganiziranso. Apa mpamene pali ngozi yaikulu, pakuti hita iribe moto wace-wace. Iri ndi karadiyeta kakang'ono, konga buku kukula kwace, kobisika m'bokosi lija, ndipo m'kati mwace mumayenda madzi omwewo amene amaziziritsa injini. Madziwo amalowa pa paipi imodzi ya mphira, natuluka pa ina, ndipo fani imauzira mphepo pa karadiyetako. Motero hita ndi mboni ya umoyo wa injini. Ikasintha khalidwe, kawiri-kawiri cimene casintha ndi madzi.

Mzinda wa Lusaka uli pamtunda, mamita pafupi-fupi 1,280 pamwamba pa nyanja ya mcere, ndipo mbandakuca wa mu Juni ndi Julai kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10. Munthu wonyamuka ku Chelstone m'mamawa kupita ku nchito m'tauni angaone kuti hita ikufunda galimoto ikamathamanga mu Great East Road, koma ikaima pa maloboti mphepo n'kuzizira. Nthawi zina amamva ngati madzi akukhuthuka kuseri kwa dashibodi. Zimenezi zimasonyeza kuti madzi acepa ndipo m'mapaipi mwalowa mpweya. Popeza m'magalimoto ambiri karadiyeta ka hita kali capamwamba, ndiko kamayamba kuuma, muvi wa geji ya kutentha usanasunthe. Wonyalanyaza cenjezo limeneli mu Julai amadzalikumbukira mu Okutobala, injini itapsa.

Kuyesa kwace sikulira zida. M'mawa injini isanalizidwe, mwini galimoto atsegule cotsekera ca radiyeta naone ngati madzi afika pakamwa. Botolo la pulasitiki la pambali silinena zoona nthawi zonse, cifukwa mphira ya cotsekera ikatha madzi a m'botolo sabwerera. Atatseka, alize injini kufikira itafunda, aike hita pa kutentha kotheratu, ndipo akhudze mosamala mapaipi awiri olowa m'khoma la pakati pa injini ndi anthu, manja ndi zobvala ziri kutali ndi fani ndi malamba. Onse awiri akatentha koma mphepo n'kukhalabe yozizira, madzi alibe mlandu: katseko kosakaniza mphepo kakakamira, kapena waya kapena kamota kokasuntha kafa. Imodzi ikatentha inzace iri yozizira, karadiyeta katsekeka, kapena mpopi wa pa paipiyo, m'magalimoto amene ali nao, sukutseguka. Onse awiri akangofunda pang'ono ndipo muvi wa geji sukwera ngakhale galimoto itayenda mtunda wautali, afunse za thermostat.

Amakanika ambiri a pansi pa mtengo amadana nako kacipangizo kameneka. Thermostat ndi citseko ca madzi cimene cimatsekeka injini ikazizira, ndipo cimatseguka cokha madzi akafika ca pa madigiri 82 m'magalimoto ambiri a Toyota. Galimoto ikayamba kutentha, makanika amacicotsa nacitaya, nati cinapangidwira maiko ozizira. Cotsatira cace injini imayenda yozizira, imamwa mafuta ambiri ndi kudyeka msanga, hita sifunda, ndipo cimene cinayambitsa kutenthako, kaya radiyeta yotsekeka, kaya fani yakufa, cimakhala cikadalipo, cangobisala. Wogula galimoto ya m'manja mwa munthu wina afunse ngati thermostat irimo.

Kutsekeka kwa karadiyeta nako kuli ndi gwero lace mu Lusaka momwemo. Mzindawu unakhala pa thanthwe la mwala wa laimu, mtundu umene fakitale ya ku Chilanga imapangira simenti. Madzi a m'zitsime zokumba ndi makina amabwera ndi laimu wosungunuka, ndipo mai aliyense wa ku Chelstone kapena ku Woodlands amazidziwa zoyera zimene zimamatirira m'ketulo. Zomwezo zimamatirira m'timapaipi ta hita, timene tiri topyapyala ngati udzu. Madzi okha-okha amacititsanso dzimbiri. N'cifukwa cace opanga magalimoto amalamula mankhwala ochedwa coolant, osakanizidwa ndi madzi oyeretsedwa aja oonjezera m'batire, osati asidi ai. Kumudzi, zimenezi zikasowa, madzi a mvula oyera aposa a pa mjigo. Coolant amatsekemera koma ndi poizoni woopsa. Asasungidwe m'botolo la zakumwa, ndipo wotayika pansi asasiyidwe kuti ana kapena agalu amupeze.

Karadiyeta kakabooka, kapeti ya kutsogolo imanyowa ndi madzi oterera, m'galimoto mumamveka kafungo kotsekemera, ndipo galasi limacita nthunzi yosapukutika bwino. Kukasintha n'kobvuta, pakuti m'magalimoto ambiri dashibodi yonse iyenera kuphwasulidwa. Motero amakanika amakonda kulumikiza mapaipi awiri aja pamodzi kuti madzi azilambalala hita. Njira imeneyi njabwino pofikitsa galimoto kwao, ndipo iposa kutsanulira dzira kapena tsabola wosinja m'radiyeta monga ena amacitira, zimene zimatseka pobooka pamodzi ndi timapaipi tabwino tomwe. Koma woyendetsa adziwe kuti wataya mboni yace ija.

Watayanso cida codzipulumutsira nacho paulendo. Mseu wa kum'mawa, umene utalika makilomita pafupi-fupi 570 kucokera ku Lusaka kukafika ku Chipata, umadutsa m'mapiri a Manenekela, nutsikira pa mlatho wa Luangwa, umene unatsegulidwa mu 1968, nukweranso kulowera ku Kacholola ndi Nyimba. M'cigwa cimeneco kutentha kwa Okutobala kumayandikira madigiri 40. Galimoto yolemedwa ndi fetereza ikamakwera zitunda zimenezi muvi n'kuyamba kulowera kofiira, woyendetsa azimitse eyakoni, atsegule mazenera, nayatse hita ndi fani pa mphamvu zonse. Okwera adzadandaula, koma karadiyetako kadzathandiza kutaya kutentha kufikira atapeza malo abwino oimapo. Mphepo ya hita ikatuluka yozizira pamene muvi uli pofiira, madzi atha kapena aleka kuyenda. Injini izimitsidwe pomwepo, isanapsereze gasiketi ndi kupinda mutu wace. Ndipo cotsekera ca radiyeta cisakhudzidwe kufikira injini itazizira. Mu Lusaka madzi a m'poto amawira pa madigiri 96, koma m'radiyeta yotsekedwa amapitirira 110 osawira. Cotsekera cikangomasulidwa amawira nthawi imodzi nalumphira kumaso.

Galimoto imene imamwa madzi tsiku ndi tsiku popanda pamene padontha, imene imatulutsa thovu m'radiyeta ikangolizidwa kapena utsi woyera wosatha ku ekizozi, gasiketi yace yapsa kale. Wogula galimoto pa yadi akaona zotere acoke, ngakhale penti ikhale yonyezimira motani.

Mmene eyakoni imagwirira nchito

Nchito ya eyakoni ndi kunyamula kutentha kwa m'kati ndi kukakutaya kunja. Mai wa kumudzi amadziwa kuti madzi a mu mtsuko amazizira cifukwa mtsukowo umacita thukuta, ndipo thukutalo likamauma limatenga kutentha. Mwana wopopa njinga amadziwanso kuti pampu imatentha m'manja. Makinawa amayendera nzeru ziwiri zomwezi. Kompulesa, yozunguzidwa ndi lamba wa injini, imapanikiza gasi kufikira atatentha kwambiri. Gasiyo amapita ku kondensa, imene ioneka ngati radiyeta yopyapyala ndipo iri kutsogolo kwa radiyeta yeniyeni, ndipo mphepo ikamuziziritsa amasanduka wamadzi-madzi. Atatero amadutsa m'kabotolo koumitsa cinyezi, nafinyika pa kabowo kakang'ono, nalowa m'karadiyeta kena ka m'dashibodi kochedwa evaporator, mmene amawira ndi kusandukanso gasi. Gasi wa R134a, amene ali m'magalimoto ambiri a muno, amawira pa madigiri 26 pansi pa ziro akakhala poyera, ndipo powirapo amayamwa kutentha kwa mphepo yopita kwa okwera.

Pofuna kudziwa cabvuta, munthu ayambe ndi makutu. Injini iri kulira, wina akanikize batani la eyakoni pamene mnzace wachera khutu ku boneti. M'magalimoto ambiri pamamveka kuti kha, ndipo mbale ya kutsogolo kwa kompulesa imayamba kuzungulira pamodzi ndi gudumu la lamba. Ikapanda kutero, mwina ndi fyuzi, relay kapena waya woduka. Mwinanso gasi wacepa kwambiri, pakuti pali swichi imene imaletsa kompulesa kuyenda yopanda gasi. Amisiri ena amailumpha swichiyi ndi waya kuti aonetse mwini galimoto kuti makina akugwira. Kutero n'kupha kompulesa, cifukwa mafuta oifewetsa amayenda pamodzi ndi gasi, ndipo akasowa imadzikukuta yokha ndi kumwaza tizitsulo m'mapaipi onse. Pamenepo mtengo wokonzera umakhala wina.

Kompulesa ikagwira, dzanja limathandiza. Mwa mapaipi a aluminiyamu olowa m'khoma lija, yonenepa iyenera kuzizira ndi kucita mame, ndipo yowonda iyenera kufunda. Yocokera pa kompulesa kupita ku kondensa isakhudzidwe, imaocha. Yonenepa ikazizira bwino koma m'galimoto n'kumatenthabe, gasi alibe mlandu. Ndi katseko kaja kamene kakulowetsa mphepo ya hita. Ambiri alipira gasi kawiri cifukwa ca katseko kameneka.

Pali bvuto lina lodziwika kwa onse amene amaima pa mzere wa magalimoto madzulo pa Kabwe Roundabout kapena mu Independence Avenue popita ku Woodlands. Eyakoni imazizira galimoto ikamathamanga, koma ikaima mphepo imafunda. Apa wolakwa kawiri-kawiri ndi fani ya magetsi ya pa kondensa, imene iyenera kuzungulira eyakoni ikayatsidwa galimoto iri ciimire. Magalimoto a kumudzi, amene amayenda m'njira za udzu wautali, amasonkhanitsa njere za udzu, tizirombo ndi matope pakati pa kondensa ndi radiyeta, mpaka zimakhala ngati bulangeti. Kutsuka ndi madzi osathamanga kwambiri kumaciritsa eyakoni ndi injini yomwe, popanda ngwee yolipira gasi.

Madzi oyera odontha pansi pa galimoto eyakoni iri kugwira si bvuto ai. Ndi cinyezi ca m'mphepo cimene cikutuluka pa kapaipi kace. Kapaipiko kakatsekeka ndi matope, madzi amagwera pa kapeti ndipo m'galimoto mumanunkha nkhungu. Amasiyana ndi a hita yobooka pakuti awa ngozizira, alibe mtundu, ndipo saterera m'zala.

Pamaso pa mmisiri

Zapafupi zonsezi zikayesedwa bvuto likadalipo, nthawi yakwana yopita kwa mmisiri, ndipo mwini galimoto asacite manyazi kuimirira pambali ndi kufunsa. Safunsa anadya phula. Mmisiri weniweni sayambira pa botolo la gasi. Amayamba wayang'ana molumikizira mapaipi, pa kondensa ndi pamphuno pa kompulesa, kufuna malo onyowa ndi mafuta amene fumbi lamatapo, pakuti pamene gasi watulukira mafuta amasiya cizindikiro. Kondensa ndiyo imabooka kawiri-kawiri, popeza miyala ya mu mseu imaigenda. Kenaka amalumikiza mageji awiri, yabuluu ndi yofiira. Tsiku lotentha makina abwino amasonyeza ca pakati pa 25 ndi 45 psi pa yabuluu, ndi ca pakati pa 150 ndi 250 pa yofiira. Mivi yonse iwiri ikatsika, gasi wacepa. Ikakwera yonse, gasi waculuka kapena kondensa sikupuma. Ikayandikirana injini iri kulira, kompulesa yatopa. Muvi wa yabuluu ukagwa kufika pa ziro kapena pansi pace, njira yatsekeka pa kabowo kaja, mwina ndi zinyalala, mwina ndi cinyezi coundana.

Pobooka pakabisika, amisiri amapopera naitirojeni m'mapaipi ndi kupaka thovu la sopo, kapena amathira utoto umene umawala pa nyali yapadera. Okosijeni wa m'botolo la wowocherera zitsulo asayandikire n'komwe, cifukwa akakumana ndi mafuta a kompulesa amaphulika. Pobookapo patakonzedwa, pampu iyenera kukoka mpweya ndi cinyezi m'mapaipi kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, ndipo geji iyang'anidwe ngati ikukhazikika. Potsiriza gasi amalowetsedwa pa sikelo. Pansi pa boneti pali kapepala konena mtundu wa gasi ndi magalamu ace, amene m'galimoto yaing'ono amakhala ca pakati pa 400 ndi 600. Wodzaza pongokhudza paipi ndi dzanja akungolota, ndipo gasi wopitirira muyeso amafunditsa mphepo ndi kulemetsa kompulesa. Funso loyenera ndi ili: "Nanga amisiri, gasi wakale uja watulukira pati?" Mmisiri amene alibe yankho adzamuonanso mwini galimotoyo mwezi usanathe.

Mtundu wa gasi nawo uli ndi mbiri yace. Magalimoto akale anali ndi R12, amene anapezeka kuti amaononga mpweya wa ozoni umene umachinga dziko ku ukali wa dzuwa. Mu 1987 maiko anapangana ku Montreal kuti amuleke, Zambia inalowa m'panganolo mu 1990, ndipo maiko ongotukuka kumene anapatsidwa mpaka caka ca 2010. Opanga magalimoto anasamukira ku R134a kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990. Ameneyu saononga ozoni, koma amathandizira kutentha kwa dziko, kotero kuti pangano la ku Kigali la mu 2016 linamuika pakati pa magasi oyenera kucepetsedwa, ndipo magalimoto ambiri atsopano a ku Ulaya kuyambira mu 2017 ali ndi wina wochedwa R1234yf. M'dziko muno bungwe la ZEMA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndilo liyang'anira kulowa kwa magasi oononga ozoni. Mitundu imeneyi sisakanizidwa.

Coopsa ndi gasi wacinyengo. Mu 2011 makontena oziziritsa katundu anaphulika ku Vietnam ndi ku Brazil napha anthu atatu, ndipo kunapezeka kuti munathiridwa gasi wonamizira R134a, wokhala ndi mankhwala amene amadya aluminiyamu. Enanso amathira gasi wophikira, amene amaziziritsa ndithu, koma evaporator ikabooka amalowa mmene muli anthu ndi kudikira macesi. Botolo lopanda dzina la wopanga, kapena lochipa modabwitsa, likanidwe. Eni a Toyota Aqua ndi Prius adziwenso kuti kompulesa yao imayendera magetsi amphamvu odzera m'mawaya a mtundu wa lalanje, ndipo imafuna mafuta ace-ace. Mafuta wamba akhoza kuiononga. Pocoka, mwini galimoto apemphe lisiti yolembedwa cimene cakonzedwa ndi magalamu a gasi amene alowa.

Mvula ikayamba mu Novembala, hita ndi eyakoni zimathandizana pa nchito imene iposa zonse. Galimoto yodzaza anthu onyowa imacita nthunzi pa galasi, ndipo woyendetsa wopukuta ndi cipewa uku akuongolera ndi dzanja limodzi usiku saona njinga kapena ngolo ya ng'ombe yopanda nyali. Eyakoni imaumitsa mphepo, hita imaifunditsa, ndipo ziwirizi zikalozedwa ku galasi, batani lozunguza mphepo ya m'kati litazimitsidwa, nthunzi imatha msanga. Eyakoniyo iyeneranso kuyatsidwa mphindi zingapo sabata iriyonse ngakhale mu Julai, kuti mafuta afike pa mphira zisaume. Ndipo alimi amene amagona m'galimoto pa Soweto Market kulondera tomato ndi kabichi wao asagone injini iri kulira ndi mazenera otseka pofuna kufunda. Utsi wa ekizozi uli ndi mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali m'tulo.

Ndalama zikaperewera, eyakoni ikhoza kudikira zokolola zina, ndipo galimoto idzayenda ndi mazenera otsegula. Koma pali cinthu cimodzi coyenera kuyang'ana isanasiyidwe. Gudumu la kutsogolo kwa kompulesa limazungulira nthawi zonse injini ikamalira, eyakoni iri yoyaka kapena ai, ndipo m'magalimoto ambiri a masiku ano lamba mmodzi yemweyo ndiye amazunguza kompulesa, alternator ndi pampu ya madzi. Bearing ya gudumulo ikayamba kulira ngati cigayo, tsiku lina idzagwira nidula lambayo, ndipo magetsi a batire ndi madzi zidzaima pamodzi. Makanika akhoza kusintha bearing yokhayo, kapena, m'magalimoto ena, kumanga lamba wamfupi wolambalala kompulesa. Nchito imeneyi njosabvuta mu Lusaka, mmene masitolo a zipangizo andanda mu Freedom Way ndi Cha Cha Cha Road. Pakati pa Rufunsa ndi mlatho wa Luangwa lamba wa nambala yoyenera sapezeka msanga.